Musanagule pampu ndi nyali za thanki yaikulu ya nsomba

Amene mukufuna kuika thanki yaikulu yagalasi m'nyumba kapena pamalo ogona alendo kuno ku Dedza, yambani ndi pampu, nyali zibwere pambuyo.

Malita pa ola olembedwa pabokosi la pampu asakunamizeni. Chiwerengerocho ndi cha pampu yosakweza madzi. Ikamatunga m'thanki yapansi yosefera madzi n'kukankhira m'mwamba mita imodzi, mphamvu imatsika ndithu, choncho gulani yoposerapo. Ngati mukuweta mbuna za m'nyanja yathuyi m'thanki ya malita 500, madzi onse azidutsa m'sefa kasanu mpaka kakhumi pa ola, kutanthauza malita 2,500 mpaka 5,000. Thanki ya madzi amchere yokhala ndi makorali, zamoyo za m'nyanja zamchere zooneka ngati miyala kapena zomera, imafuna madzi othamanga kwambiri, ka 20 kapena kupitirira. Pamenepo mapampu awiri ang'onoang'ono oyang'anizana amaposa imodzi yaikulu, chifukwa madzi amavunduka mbali zonse ndipo zinyalala sizikhazikika kuseri kwa miyala.

Makorali ambiri amadalira tindere tokhala m'thupi mwawo, tomwe timapanga chakudya ndi kuwala. Apatseni nyali ya LED yamphamvu ya buluu ndi yoyera, maola 8 mpaka 10. Mbuna sizifuna zonsezo. Mukachulutsa kuwala muzingopala ndere pagalasi.

Chimene ambiri amaiwala n'chisanu cha kuno mu Juni ndi Julaye. Ikani chotenthetsera madzi, akhale pa 25°C. Ndipo kapampu ka mpweya koyendera mabatire kazikhala pafupi. Magetsi akazima usiku, nsomba zimayamba kupuma movutikira pamwamba inu muli mtulo.