Kuphunzitsa ntchito ya jini ya PCNA pogwiritsa ntchito zingwe za khonje

M'masukulu a sekondale a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga m'dziko la Mozambique, ophunzira ambiri amaloweza mayina a mapuloteni okopera DNA, imene mabuku a Chipwitikizi amailemba kuti ADN, koma mukawafunsa chimene puloteni iliyonse imachita amangoti kukamwa yasa. Ntchito ya PCNA, imodzi mwa mapuloteniwa, komabe, n'njosavuta kuionetsa pabwalo la sukulu.

Yambani ndi kusiyanitsa jini ndi puloteni, chifukwa apa m'pamene ana amasokonezeka kawirikawiri. Mwa munthu, jini ya PCNA ili pa kromozomu 20, ndipo ili ndi malangizo opangira puloteni ya ma amino acid (tizidutswa tomangira mapuloteni) 261. Mapuloteni atatu oterewa akalumikizana amapanga mphete yonga nkhata, ndipo DNA imadutsa pakati pake.

Tengani zingwe ziwiri zazitali za khonje ndi kumangirirapo tinsanza ta chitenje ta mitundu inayi, toimira zilembo za DNA, A, T, C ndi G, moti A ayang'anizane ndi T, ndipo C ayang'anizane ndi G. Mwana mmodzi akhale helicase, puloteni yolekanitsa zingwe ziwiri za DNA, azilekanitsa zingwezo. Wina akhale polymerase, puloteni yomanga chingwe chatsopano cha DNA, aziyenda m'mbali mwa chingwe chimodzi akumanga tinsanza toyenerera pa chingwe chatsopano.

Poyamba polymerase ayende yekha, osagwira chingwe chakale, anzake akumukankha pang'onopang'ono. Sachedwa kupatuka ndi kuiwala pamene analekezera, monga momwe polymerase delta, umodzi mwa mitundu ya polymerase, imachitira ikasowa PCNA: imaika zilembo zochepa chabe kenako n'kuyoyoka. Tsopano itanani ana atatu oimira PCNA agwirane manja mozungulira chingwecho, ndipo polymerase agwire phewa la mmodzi wa iwo. Atatuwo asagwire chingwe ayi, angoyenda chingwecho chili pakati pawo, pakuti mpheteyo simata pa DNA koma imatsetsereka. Ine ndimaona kuti mphindi yofunika koposa ndi pamene ana azindikira okha kuti mphete yotseka singalowe pakati pa chingwe chachitali. Musafulumire kuwauza yankho. Akavutika mokwanira, sankhani mwana wina akhale RFC, gulu la mapuloteni limene limatsegula mpheteyo ndi kuitsekanso mozungulira DNA pogwiritsa ntchito ATP, imene imapereka mphamvu m'maselo.

Akafunsa za dzina loti PCNA (proliferating cell nuclear antigen), auzeni kuti puloteniyi inadziwika mu 1978 kudzera m'magazi a anthu odwala lupus, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi thupi lomwelo, ndipo imachuluka m'maselo amene akugawikana, n'chifukwa chake ofufuza za khansa amaiyang'ana m'zotupa.

Akamaliza kukopera mbali zonse ziwiri, yalani zingwezo pansi kuti aliyense aone kuti DNA iliyonse mwa ziwirizo ili ndi chingwe chimodzi chakale ndi china chatsopano, zimene asayansi Meselson ndi Stahl anatsimikizira mu 1958.