Musanagule masheya a kampani ya mafuta, dziwani kaye mtundu wake

Titatha msonkhano wa bungwe lathu la maliro ku Mufakose, bambo wina amene anapuma pantchito anandionetsa foni ya mwana wawo n'kufunsa chifukwa chake kampani imodzi ya mafuta inkaoneka kawiri pamndandanda, ndi mitengo iwiri yosiyana. Iwo ankaganiza zongotenga sheya yotsika mtengoyo. Ndinawapempha kuti adikire, chifukwa madola amene ambiri a ife tili nawo muno mu Harare ndi a thukuta, ndipo kachilembo kamodzi kolembedwa kumapeto kwa dzina la kampani kangathe kusintha msonkho umene mudzadulidwe, ufulu wanu wovota, ngakhalenso kukuuzani ngati mukuloledwa kukhala mwini wa sheyayo.

Choyamba, funsani chimene chikusiyanitsa mitunduyo, ndipo yankho mulipeze m'zikalata za kampaniyo, makamaka lipoti lapachaka ndi tsamba lake la eni masheya. Nkhani ya Shell imaphunzitsa bwino zimenezi. Mu 2005, makampani awiri amene anayendera limodzi kuyambira 1907, Royal Dutch Petroleum ya ku Netherlands ndi Shell Transport and Trading ya ku Britain, anaphatikizana kukhala Royal Dutch Shell, ndipo panabadwa masheya a A ndi a B. Onse anali ndi voti yofanana, ndipo phindu lolengezedwa pa sheya iliyonse linali limodzimodzi. Kusiyana kunali pa msonkho: phindu la masheya a A linkadulidwa msonkho wa dziko la Netherlands (15 peresenti kuyambira 2007) lisanachoke, pamene la masheya a B linkadzera ku Britain, kumene kulibe msonkho wotere. Choncho pa madola 100 alionse, mwini wa A amene analibe njira yobwezeredwa msonkhowo ankalandira 85, mnzake wa B n'kulandira 100 yathunthu. Munthu amene ankangoyang'ana mtengo wogulira sankaona zimenezi mpaka tsiku lolandira phindu. Mu Januwale 2022 kampaniyi inasamutsira likulu lake ku London, inasintha dzina kukhala Shell plc, ndipo mitundu iwiriyo inakhala umodzi. Wina akakutsatsani lero masheya a Shell a A kapena a B, dziwani kuti zimene akunenazo ndi zakale, ndipo mumuchenjerere.

Kumene kusiyana kudakalipo kwenikweni ndi ku Petrobras ya ku Brazil. Pamsika wa B3 ku São Paulo pali PETR3, masheya wamba okhala ndi voti, ndi PETR4, masheya oyambirira kulandira phindu koma opanda voti pankhani zambiri. Ku New York amalembedwa PBR ndi PBR.A. Apa dzifunseni moona mtima kuti votiyo ikupindulirani chiyani. Boma la Brazil lili ndi masheya ovota opitirira theka, kutanthauza kuti mawu a munthu wa ku Highfield wokhala ndi masheya makumi asanu sangasinthe chilichonse pamsonkhano wapachaka. M'zaka zaposachedwa mitundu yonse iwiri yakhala ikulandira phindu lofanana pa sheya, pamene yopanda voti yakhala yotsikirapo mtengo nthawi zambiri, ndiye ine ndimaona kuti wogula wamng'ono amene akufuna phindu la chaka ndi chaka amayenera kupendekera ku mtundu wopanda voti. Koma kumbukirani kuti mwini wamkulu ndi boma, ndipo boma likhoza kufuna kuti mafuta atsike mtengo kuti anthu asadandaule, ngakhale zimenezo zitachepetsa phindu lanu.

Mawu akuti "oyambirira kulandira" satanthauza chinthu chimodzi kulikonse. BP ili ndi masheya akale otere a 8 peresenti ndi 9 peresenti ku London, amene phindu lake n'lokhazikika ndipo silikwera ngakhale kampani itakolola zochuluka bwanji. Amenewa amafanana kwambiri ndi kukongoza kampani ndalama kusiyana ndi kukhala mwini wake.

Pali mtundu winanso umene umakopa anthu akwathu amene ali ndi achibale ku Joni. Sasol, yomwe imapanga mafuta kuchokera ku malasha ku Secunda, ili ndi masheya wamba a SOL komanso ena olembedwa SOLBE1 pamsika wa Johannesburg. Achiwiriwa anawakonzera anthu akuda a dziko la South Africa motsatira malamulo akumeneko otukula anthu amene ankaponderezedwa, ndipo nzika ya Zimbabwe kapena Malawi siili m'gulu limenelo. Musalole kuwagula m'dzina la msuweni kapena mlamu, chifukwa pamalamulo mwini wake adzakhala iyeyo, ndipo tsiku la mkangano kapena la imfa inu mudzakhala mulibe pogwira.

Chotsatira, onetsetsani kuti mukuyerekeza zinthu zofanana. Zimene zimagulitsidwa ku New York m'dzina la makampani akunja kawirikawiri si masheya enieni koma zikalata zowaimira zotchedwa ADR. Chikalata chimodzi cha BP chimaimira masheya 6, cha Shell chimaimira 2, cha Petrobras chimaimiranso 2. Gawani mtengo ndi chiwerengero chimenecho, musinthe ndalama zikhale za mtundu umodzi, kenako mutenge phindu la chaka, muchotsepo msonkho ndi zolipira banki yosunga zikalatazo, ndipo zotsalazo muzigawe ndi mtengo wogulira. Chiwerengero chimene chatulukacho ndicho muyerekeze pakati pa mitundu iwiriyo. Onaninso kuchuluka kwa masheya amene amagulidwa tsiku lililonse, popeza mtundu umene ogula ake ndi ochepa umavuta kugulitsa mukapanikizika ndi fizi kapena matenda.

Nanga kuchokera muno mu Harare mungayambire pati? Broka aliyense wa m'dziko muno, ndiye kuti munthu kapena kampani yogulira ndi kugulitsira anthu masheya, ayenera kukhala ndi chiphaso cha Securities and Exchange Commission of Zimbabwe, ndipo musachite manyazi kupempha kuchiona. Msika wa Victoria Falls Stock Exchange, umene unatsegulidwa mu 2020, umagwiritsa ntchito madola a America, ndipo kuyambira 2024 pali zikalata zoimira masheya a Invictus Energy, kampani ya ku Australia imene inalengeza mu Disembala 2023 kuti yapeza gasi ku Muzarabani. Imeneyi ndi kampani yofufuza, sigawa phindu, ndipo ndalama yoikamo ikhale yoti ikatayika ana adyabe nsima. Masheya a Shell, BP kapena Petrobras amafuna akaunti kwa broka wofika kumisika yakunja, ndipo kutumiza ndalama kunja kumayendera malamulo a Reserve Bank of Zimbabwe amene amasintha kawirikawiri, choncho funsani kubanki yanu zimene zikuloledwa panopa ndiponso mmene phindu lidzabwerere kwa inu. Osinthitsa ndalama a mumsewu ndi magulu a pa WhatsApp olonjeza kukugulirani masheya, apeweni.

Ngakhale mutasankha mtundu woyenera, mtengo wa mafuta ndiwo umagwedeza yonse pamodzi. Ngozi nazonso zimagwedeza: BP inaimitsa kugawa phindu mu 2010 itachitika ngozi ya Deepwater Horizon, malo okumbira mafuta panyanja amene anaphulika. Mu Epulo 2020, mtengo wa mafuta utagwa, Shell inadula phindu lake la miyezi itatu kuchoka pa masenti 47 kufika pa 16 pa sheya iliyonse, koyamba chithere nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo eni a A ndi a B anamva kuwawa mofanana. N'chifukwa chake bambo aja ndinawalangiza kuti ndalama za bungwe la maliro zisayandikire kumeneko, ndipo zawo aziike pang'onopang'ono, atalemba papepala dzina lonse la sheya, zilembo zake zapamsika ndi nambala yake ya ISIN yodziwikitsa sheyayo padziko lonse, kuti broka asawagulire mtundu wina.