Pophunzitsa a ku Japan "a" ndi "the", tengani dzira

Aphunzitsi anzanga, ngati mukuphunzitsa Chingerezi ana asukulu a ku Japan, musawaunjikire malamulo oloweza pamtima. Chijapani, monganso Chichewa chathu, chilibe timawu ta "a" ndi "the", ndiye lamulo likalowa khutu ili limatulukira linali.

Lowani m'kalasi ndi dzira lophika. Likakhala lathunthu, looneka poyambira ndi pothera pake, ndi "an egg". Kenako lisendeni, muliphwanye ndi supuni m'mbale, ana akuona. Malire ake atha, sungaliwerengenso, latsala "egg" basi. Akatswiri a cognitive linguistics (maphunziro a mgwirizano wa chilankhulo ndi kaganizidwe ka munthu), monga Ronald Langacker, amati chimene chimasankha kamawuka ndi mmene wolankhula akuchionera chinthucho m'maganizo. Ine ndimagwirizana nazo kwambiri, chifukwa mwana akaona ndi maso saiwala msanga.

Pa "the", afunseni funso limodzi lokha: kodi womvera akudziwa chimene ukunenacho? Nthano zawo zikuthandizani. M'Chijapani, nkhalamba ikamatchulidwa koyamba amati "ojiisan ga" (ngati "an old man"), ikadziwika amati "ojiisan wa" (ngati "the old man"). Sizifanana ndendende ndi Chingerezi, choncho muwachenjeze, koma poyambira ndi pabwino.