Mwangolowa nyumba ku Mulanje? Poyambira kuikongoletsa ndi apa

Munthu ukangosamukira m'nyumba ina, kaya ndi ya lendi pa Chitakale kaya wamanga yako ku Nkando uko, mtima umathamangira pabalaza. Umafuna masofa, disipule, makatani ofika pansi, kuti azilamu akabwera kudzaona nyumba akhutire. Ine ndimati dikirani kaye abale. Kuno kwathu nyumba imalamulidwa ndi chinyezi, ndipo ndaona anthu ambiri atawononga ndalama zawo zovutikira chifukwa choyambira kolakwika.

Choyamba, gonanimo kaye

Masabata awiri kapena atatu oyamba musagule chinthu chachikulu. Yalani matilesi, ikani mbaula, basi, kenako muziyang'ana mmene nyumbayo imakhalira. Dzuwa la mmawa limalowera zenera liti? Ndi chipinda chiti chomwe chimakhala chamdima ngakhale masana? Masoketi ali pati, ndipo onse akugwira? Ikagwa mvula musagone, tengani tochi muyang'ane siling'i ndi malata mmakona monse, podontha paliponse jambulani pafoni. Nyumba yopanda katundu ndi imene imaonetsa matenda ake onse, mukangodzaza katundu zonse zimabisala kuseri kwa kabati.

Nthawi yomweyi ndi yabwinonso kupopera mankhwala a nsikidzi ndi mphemvu, komanso kuona ngati chiswe sichinalowe mmafelemu a zitseko.

Chachiwiri, thanani ndi chinyezi

Apa ndiye ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Mvula ya kuno mukuidziwa, imayamba cha mu November mpaka April, ndiye anzathu a madera ena akamapuma ife chiperoni chimabwera kuyambira May mpaka August, kamvula kowaza kaja kokhala masiku atatu osaona dzuwa, zovala osauma, phiri osaoneka. Makoma amamwa madzi onsewa. Ndipo chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023 nyumba zina zinatsala ndi ming'alu yomwe anangoimata pamwamba.

Gwirani khoma ndi dzanja, makamaka mmunsi pafupi ndi simenti. Likamazizira monyowa, kapena penti ikutukumuka ndi kusupuka, kapena pali timadontho takuda tonunkha chuku, musapakepo penti yatsopano msanga. Idzasupukanso isanathe miyezi ingapo ndipo mudzati penti ndi yabodza pomwe vuto ndi khoma. Tulukani panja muone komwe madzi akuchokera, nthawi zambiri ndi madzi a padenga amene amagwera mphepete mwa khoma n'kumaima pomwepo, ndiye kumbani ngalande kuti azipita kutali, matani ming'alu ndi simenti, dulani nthochi kapena nthambi za mapeyala zomwe zatsamira nyumba kuti dzuwa lizifika. Mkatimo palani penti yakaleyo, tsukani nkhungu ndi madzi othira jiki pang'ono mazenera ali otsegula, ndipo jikiyo musamusakanize ndi mankhwala ena aliwonse, mpweya wake ndi woopsa. Kenako lisiyeni khoma liume ndithu.

Kupenta kwabwino ndi mu September ndi October kukamatentha. Mukalowa nyumba mu January pirirani, konzani zodontha zokha, penti idikire. Makoma a mkati amafuna penti ya madzi, ya mafuta ija isungireni zitseko, mafelemu ndi kamzere ka mmunsi mwa khoma. Ndalama ikachepa laimu amagwira ntchito bwinobwino, amawalitsa nyumba ndipo khoma limapuma, kungoti amadetsa zovala mukatsamira. Mtundu sankhani wowala, woyera kapena wa kirimu, chifukwa tsiku la chiperoni nyumba ya penti yakuda imakhala ngati kwada 4 koloko.

Ngati nyumba ndi ya lendi, musanagule ndowa ya malita 20 khalani pansi ndi alandilodi muwaonetse zithunzi zija. Gwirizanani kuti zokonza denga ndi khoma ndi za ndani, ndipo ngati mukonza ndinu adzachotsera pa lendi ya mwezi uti. Zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pompo. Kulemba si kusakhulupirira munthu, kumangoteteza ubale.

Chachitatu, chipinda chogona

Chipinda choyamba kuchimaliza chikhale ichi. Alendo amabwera Lamlungu, inu mumagona tsiku lililonse, ndipo amene mumalawirira kuntchito kuesiteti kapena kukagwira minibasi ya ku Limbe mukudziwa kufunika kwa tulo tabwino. Bedi likhale lokwera, matilesi asagone pa simenti chifukwa amayamwa chinyezi kunsi osadziwa inu. Bedi ndi wadilopu musazigunditse kukhoma, siyani mpata wolowa dzanja kuti mphepo izidutsa, apo ayi masuti ndi nsapato zachikopa muzipeza zachita chuku. Khomani pokoleka neti ya udzudzu musanaganize za chithunzi chilichonse. Katani la kuno likhale lokhuthala, limatchinga kuzizira kwa June ndi July komanso maso a odutsa. Ana nawo chipinda chawo chimodzimodzi.

Kukhitchini sikufuna zambiri. Mashelefu awiri atatu kuti ufa, mpunga ndi nyemba zichoke pansi, thebulo lolimba, ndowa zovindikira. Ngati mumaphika pa makala mbaula izikhala pakhonde, utsi umadetsa penti yanu yatsopano ija komanso makala m'nyumba yotseka amapha.

Chachinayi, tsopano pabalaza

Tengani tepi muyeze chipinda chonse, ndipo muyezenso chitseko, poti sofa wina amakana kulowa atalipiridwa kale. Lembani ndi choko pansi pomwe mpando uliwonse udzakhale muyende muone ngati njira yopita kuchipinda ikutsala. Mabalaza athu ambiri ndi aang'ono, seti ya anthu 7 imangodzaza malo mpaka ana kusowa pokhala.

Sankhani chinthu chimodzi chomwe mumachikonda kwambiri, zina zonse zitsatire icho. Chikhoza kukhala chitenje chomwe munagula pa Limbuli, mutengepo mitundu iwiri, wina wa makatani wina wa mapilo a pampando, mupatse telala akusokereni. Nsalu ya katani ikhale yotambalala kuposa zenera kamodzi ndi theka kapena kawiri kuti ipindike bwino. Mipando yoluka ija ine ndimaikonda kwambiri kuno chifukwa siisunga chinyezi ngati masofa a siponji, ndipo dzuwa likatuluka mumangoinyamula kukaiyanika. Kapeti yodzaza chipinda chonse ndiye ayi, imanunkha nthawi ya mvula, bola polishi wofiira pa simenti ndi kamkeka pakati.

Mukapita kwa kalipentala funsani ngati matabwa ndi ouma, a paini kapena bulugamu aawisi amapindika thebulo likafika kunyumba. Ndipo wina akakunong'onezani kuti ali ndi matabwa a mkungudza otchipa, chonde kanani. Mtengo umenewu ndi wa fuko lathu, kuudula ndi mlandu, ndipo mphiri muja watsala pang'ono kutheratu, tonse tikuona.

Gulani chimodzi pamwezi malinga ndi thumba, za katapila zisakhudze nkhani ya masofa. Zithunzi za ukwati, kalendala ya mpingo ndi wotchi zibwere pomaliza, pakhoma louma lija, ndipo musakhome misomali paliponse, pulasitala wa nyumba zambiri amagumuka. Maluwa akhale pakhonde mmabigili odula, kuno chilichonse chimamera, mukapempha timitengo kwa aneba mwezi umodzi taphuka. Ngati zenera lanu limayang'ana kuphiri musaliike kabati kutsogolo, mpando wanu wokhala mmawa ndi kapu ya tiyi uikeni pomwepo.