Kusamalira bala la opaleshoni ya mtima kuno ku chigwa

Abale anga aku Chikwawa ndi Nsanje, ngati wachibale wanu wabwerako ku opaleshoni ya mtima, kaya ku India komwe ambiri amatumizidwa, ntchito yatsala ndi yanu pakhomo.

Paja madokotala amadula fupa lapachifuwa, kuimitsa mtima kaye, magazi nkumadutsa mu mashini omwe amagwira ntchito ya mtima ndi mapapo, omwe dokotala wa ku America John Gibbon anayamba kuwagwiritsa ntchito bwinobwino mu 1953. Mashiniwa amafooketsako ma platelet, tizidutswa tam'magazi tomwe timaundanitsa magazi pabala komanso kutulutsa mankhwala am'thupi otchedwa ma growth factor oitana maselo kuti adzaluke mnofu watsopano, ndiye thupi limabwera lili lotopa ndithu.

Fupa lija analimanga ndi mawaya, limafuna masabata 6 mpaka 8. Asanyamule ndowa ya madzi, asagwire khasu kudimba, kabaza ayi, olo atakakamira bwanji musalole chonde. Akamatsokomola azikumbatira pilo pachifuwa.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi kutentha kwathu kuno, Okutobala munthu thukuta kamukamu usiku wonse, ndiye bala lizikhala louma, mukamusambitsa madzi oyera ndi sopo muziguguda ndi kansalu koyera osapukuta mwamphamvu, ndipo zitsamba kapena vaselini pabalapo ayi. Ndiwo zikhale mlamba, mazira, nyemba, nandolo. Fodya asiye, wa shuga aziyezetsa pafupipafupi.

Mukaona mafinya, kutupa, thupi kutentha kapena fupa likumveka kuti gwedegwede, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo.