Musanene "downer" pamaliro

Mukamva munthu wa ku London kapena ku America akuti "what a downer", akunena chinthu chomwe chamugwetsa mphwayi: mvula yagwa tsiku la ukwati, kapena timu yake yagoletsedwa mpira uli pafupi kutha. Munthu wongodandaula anzake akusangalala amamutchanso choncho.

Koma chonde, mawuwa asatuluke pamaliro. Ndi opepuka, ongochezera ndi anzanu. Mukauza wofedwa kuti imfa ya mayi ake ndi "downer", mwamulasa pamtima, ngati mukupeputsa chisoni chake. M'kalata ya kuntchito musawalembenso.

Dziwaninso kuti "downers" ndi mapiritsi ofooketsa thupi ndi kugonetsa, ndipo kwa oweta ng'ombe, "downer" ndi ng'ombe yomwe yagona pansi osathanso kudzuka.