Mmene Mungayambitsire Kalabu ya Njinga Pamalo a Ntchito mu Harare

Pageti la fakitale iliyonse ku Workington, Southerton, Graniteside kapena Msasa pamakhala kale njinga ziwiri kapena zitatu zotsamira mpanda, ndipo kawirikawiri eni ake ndi alonda, osesa ndi otumidwa. Amene akufuna kuyambitsa kalabu ya njinga pantchito ayambire kwa anthu amenewa, chifukwa ndiwo akudziwa msewu umene uli ndi maenje, malo amene makombi (maminibasi) amaimira mwadzidzidzi, ndiponso mmisiri amene amawongola limu popanda kuthyola masipoko. Ambiri a ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique tinakulira ku Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku, Tafara ndi Epworth tikuona abambo akupalasa Humber kapena Raleigh mbandakucha kupita kuntchito, kotero kuti kupalasa si chinthu chachilendo pakati pathu. Chimene chinasintha n'chakuti njinga inayamba kuonedwa ngati chizindikiro cha umphawi, ndipo kalabu imene ikana kukambirana za manyazi amenewa sichedwa kufa.

Ntchito yoyamba ndi kufunsa anzanu kumene amakhala, ndalama zimene amawononga pa thiransipoti pamwezi, ndi chimene chimawaletsa kupalasa. Mayankho awo muwalembe ndi kuwagawa malinga ndi madera. Munthu wamba wopalasa mosathamanga amayenda makilomita pafupifupi 15 pa ola, choncho wokhala pa mtunda wa makilomita 10 amafika pa mphindi 40, nthawi imene wina amatha ali pamzere ku Copacabana kapena ku Market Square kudikira kombi. Anthu a ku Highfield, Mbare, Kambuzuma ndi Rugare amene amagwira ntchito kumafakitale oyandikana nawo ndiwo oyenera kuyamba nawo. A ku Chitungwiza, kumene mtunda wake umapitirira makilomita 20 kudzera mu Seke Road, musawakakamize poyambirira, pakuti munthu akatopa kwambiri sabata yoyamba amaikoleka njingayo kudenga ndipo sabwereranso.

Mukapeza anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi otsimikiza mtima, sankhani wapampando, mlembi ndi msungichuma, kenaka pitani kwa akuluakulu a kampani kudzera mu komiti ya ogwira ntchito ngati ilipo. Musapemphe zambiri. Chofunika kuposa zonse ndi malo osungira njinga, okhala ndi denga, oonekera kwa mlonda, ndiponso okhala ndi chitsulo chokwiriridwa mu simenti chimene munthu angamangirirepo felemu, osati tayala lokha. Owotcherera a ku Siyaso ku Mbare angathe kupanga chitsulo chotere kuchokera ku mapaipi akale. Chachiwiri ndi kachipinda kosinthira zovala kokhala ndi mpopi kapena ndowa ya madzi, chifukwa mlembi wa mu ofesi sangalole kukhala tsiku lonse ndi malaya a thukuta, makamaka mu Okutobala dzuwa likamawamba. Amayi apatsidwe chipinda chawo chokhomeka, ndipo mfundo imeneyi isasiyidwe kuti idzaonedwe mtsogolo, popeza ndi imene imatsimikiza ngati kalabuyo idzakhale ya abambo okha. Polankhula ndi abwana, tchulani phindu lawo, monga kuchepa kwa anthu ochedwa pamene makombi asowa kapena akweza mtengo chifukwa cha mvula. Mufunsenso kuti a ofesi yoona za antchito afotokoze molemba zimene inshuwalansi ya kampani ndi ya NSSA, bungwe la boma loona za penshoni ndi chipukuta misozi cha ovulala pantchito, zimanena za munthu wovulala pa ulendo wopita kuntchito, kuti aliyense alowe akudziwa pamene waima.

Nkhani ya ndalama ndiyo imagwetsa makalabu ambiri. Njinga yolimba ndi yodula kwa munthu wolandira malipiro a pafakitale, ndipo kumuuza kuti adzapulumutsa ndalama za kombi sikumuthandiza ngati alibe zogulira lero. Njira imene timaidziwa tonse ndi chipereganyu, chimene anzathu Achishona amati mukando: anthu khumi amasonkha mwezi uliwonse, mmodzi n'kugula njinga, mpaka onse atakwanira. Vuto lake n'lakuti womaliza amadikira miyezi khumi, ndipo wolandira koyamba akachotsedwa ntchito gulu limagwa m'mavuto. N'chifukwa chake ndimakonda kuti kampani igule njinga zingapo nthawi imodzi n'kumadula pang'onopang'ono pa malipiro, pa mgwirizano wolembedwa umene wogwira ntchito wasainira mwa kufuna kwake. Njira iliyonse imene mungasankhe, gwirizanani pachiyambi ngati zopereka zidzakhale m'madola a ku America kapena mu ZiG, ndalama imene inayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024, ndipo msungichuma azilemba chilichonse m'kaundula amene membala aliyense angathe kumuona.

Pa kasankhidwe ka njinga, anthu amakopeka ndi zamagiya ambiri zotsika mtengo zimene zimaoneka zokongola m'sitolo, koma zambiri mwa izo sizipirira maenje a misewu yathu. Harare ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 koma mbali yaikulu ya mzindawu ilibe zitunda zoopsa, choncho njinga ya giya imodzi imakwanira anthu ambiri. Njinga za Buffalo, zimene bungwe la World Bicycle Relief limafalitsa ku Zimbabwe, Malawi ndi Zambia, n'zolemera koma zolimba, ndipo kaliyala wake anapangidwa kuti anyamule makilogalamu 100. Wogula yogwirapo kale ntchito apite ndi membala wodziwa, aone ngati felemu ilibe mng'alu, ngati mabuleki akugwira, ndipo alembe nambala ya felemu m'kaundula wa kalabu, chifukwa njinga ikabedwa apolisi amafunsa nambala imeneyo. Khonsolo ya mzinda imafunanso kuti njinga zikhale ndi laisensi, ndipo mlembi angathe kufunsa mtengo wake ku ofesi ya khonsolo ya m'dera n'kukonza zoti onse alipire pamodzi.

Tsopano za njira. Musatumize munthu watsopano yekha pa Lolemba m'mawa. Yesani njirayo Loweruka masana kapena Lamulungu, magalimoto atachepa, motsogozedwa ndi uja wakhala akupalasa kwa zaka zambiri. Njira ya kombi siyo njira ya njinga ayi: misewu ngati Simon Mazorodze ndi Bulawayo Road imadzaza ndi magalimoto akuluakulu, ndipo nthawi zambiri kuli bwino kuwonjezera kilomita imodzi n'kudzera m'misewu ya m'kati mwa makomboni. M'mbali mwa misewu ina ya mzindawu mukadali tinjira ta njinga takale, tina tabwino, tina todzaza mchenga, udzu ndi ogulitsa malonda, choncho muziona nokha musanalonjeze anthu kuti tilipo. Mukagwirizana njira, ikani malo ndi nthawi yokumanirana, mwachitsanzo pamashopu a m'dera, kuti anthu azinyamuka atatu kapena anayi. Gulu limaoneka bwino kwa oyendetsa galimoto, limachititsa mantha akuba pamalo a tchire monga m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi, ndipo wina tayala likamuphwera sasiyidwa yekha.

Malamulo a kalabu akhale ochepa koma osasinthika. Aliyense aziyenda kumanzere motsatira magalimoto, osati moyang'anizana nawo monga ena amachitira poganiza kuti akudziteteza. Asadutse kumanzere kwa kombi kapena mushikashika (galimoto yaing'ono yonyamula anthu popanda chilolezo) umene ukuchepetsa liwiro, chifukwa chitseko chingatseguke kapena galimotoyo ingakhotere kumbali popanda chizindikiro. Maroboti akazima chifukwa cha magetsi, kutsika n'kuwoloka mokankha njinga si chamanyazi. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 madzulo, nthawi imene ambiri angoweruka kumene, kotero nyale yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo ndi chovala chonyezimira n'zofunika monga mmene chilili chipewa choteteza mutu. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, chithaphwi chilichonse muchiyese dzenje, pakuti m'malo ena zivundikiro za ngalande zinabedwa, ndipo mabuleki onyowa amachedwa kugwira. Tsiku la mvula yamphamvu munthu akwere kombi popanda womunena.

Kalabu isunge bokosi la zida pantchito pomwepo, lokhala ndi pampu, zigamba, guluu, masipanala, machubu angapo ndi mafuta a tcheni, ndipo kiyi wake akhale ndi anthu awiri. Kamodzi pamwezi, pa nthawi ya nkhomaliro, wina aphunzitse anzake kumata chubu ndi kukunga mabuleki, ndipo ndaonapo kuti phunziro limeneli limathetsa manyazi kuposa msonkhano uliwonse, chifukwa akauntanti amagwada pansi n'kumamvera malangizo a mlonda. Ngati pali mmodzi wa mabwana amene angalole kubwera pa njinga ngakhale Lachisanu lokha, mugwireni ameneyo osamutaya. Tsiku la 3 Juni, limene bungwe la United Nations linalikhazikitsa mu 2018 kukhala lokumbukira njinga padziko lonse, lingakhale tsiku loitanira amene akadali ndi chikayiko, bola muwabwereke njinga ndi kuwapatsa owaperekeza kuchokera kunyumba. Maulendo ongosangalala opita ku Cleveland Dam kapena ku Domboshava adikire kaye mpaka chipereganyu chitazungulira kamodzi, ndipo mayunifomu akhale chinthu chomaliza kugula, pambuyo pa nyale za aliyense.